Ndowa ya Chingwe Chofiira

Ndinayambitsa ndine, ndipo ndinene msanga, chifukwa kuno ku Malowera nkhaniyi inafika ine ndisanafike, itamera kale nyanga. Ena akuti ndinaba nsomba. Ena akuti ndinathira mankhwala a mbozi m'madzi a eni ake. Mayi wina wa kukwaya anauza amayi kuti ndinakaphunzira ufiti ku Zambia. Zonsezo n'zabodza. Ine ndinangoika mlamba wakufa m'ndowa n'kuuveka chipewa. Ndipo mundikhulupirire, chipewacho chinaukhala.

Ulendo wanga wa ku Zambia unabwera ndi bilimankhwe. Ndinali mu dezima, kalasi yakhumi, ku shikola ya ku Fingowe, ndipo bilimankhweyo ndinamuika m'kabati ya a pulufesoli, aphunzitsi athu a Kimika, kuti ndione ngati angatenge mtundu wa choko. Sanatenge. A pulufesoli ndiwo anatulukira pawindo. Sabata yomweyo ndinali kumudzi, mabuku anga ali m'thumba la feteleza.

Abambo sanandimenye. Anaitana atsibweni anga, a Zuze, mlongo wawo wa amayi, amene anali atabwera kudzaona ana awo kuchokera kuntchito.

"Alamu, mutengeni uyu," anatero abambo. "Mumagwira ntchito ya m'madzi. Mwina madziwo amuziziritsa."

Tinanyamuka mame asanaume, atsibweni akupalasa, ine pakaliyala ndi kathumba ka mbatata zootcha. Ndinkayembekeza kuti pamalire pali chipata, mbendera ndi msilikali wokwiya. Tinangowoloka kamtsinje kouma, atsibweni n'kunena kuti, "Basi, wafika kunja." Ndinayang'ana uku ndi uku. Mbuzi za kunja zinali chimodzimodzi ndi zathu. Atsibweni anakulira tsidya lomwelo nthawi ya nkhondo, ndiye njira zonse zinali m'miyendo mwawo. Titafika pamsewu waukulu tinakweza njinga pa kamyau, lole ya fodya, ine n'kugona pa mitolo, mitambo ikunditsatira mpaka kufupi ndi Petauke.

Pafamu ya nsomba pamene atsibweni ankagwira ntchito panali maiwe okumba, ondandalika ngati magalasi amene wina wayanika pansi. M'mawa nthunzi inkadzuka pamadzi n'kuyenda yokha pakati pa nthochi, ndipo milamba inkabwera pamwamba kudzameza mpweya, pwa, pwa, pwa, ngati anthu akuombera m'manja mfumu imene ine sindinkaiona. Ntchito yanga inali kumwaza chakudya ndi kuvuula nsomba zakufa kukataya kudzenje. Manja anang'aluka, zala za kumapazi zinachita zilonda, ndipo fungo la mlamba linandilowa mpaka m'maloto. Koma mwezi woyamba nditatumiza kwa amayi chitenje ndi kanyale ka sola, ndinayenda sabata yathunthu ngati mwini famu.

Tinkagona kukomboni, m'chipinda cha malata. Mkulu wa chipindacho anali a Sakala, Mnsenga wokalamba wa chipewa cha mlaza. Ndevu zawo zinali zoyera mbuu, ndipo zinkamera pansi pa chibwano pokha, zofewa, zoima ngati wina wazipemerera. Dzina langa sanaliphunzire; kwa iwo aliyense wochokera tsidya lathu la malire anali Mpwitikizi.

"Iwe Mpwitikizi, bwera udye. Kwanu mumadya ndi foloko, eti?"

"Foloko ndinaiwala ku Lisiboa, agogo."

"Agogo ndi ambuye ako. Samba m'manja."

M'miyezi yozizira anandipatsa bulangete lawo lachiwiri, ati Apwitikizi sachedwa kufa ndi mphepo. Ndinkawakonda a Sakala. Izi muzisunge, chifukwa ine munthu amene sindimukonda sindimuseka.

M'nyengo yozizira yomweyo ndi mmene ndinadziwira thonje. Si thonje la m'munda mwa abambo ayi. Ndi chuku cha m'madzi, chimene antchito onse ankangoti thonje. Mlamba ukakandika pa ukonde kapena ukalumidwa ndi unzake, pakapita masiku pabalapo pamamera ubweya woyera. M'madzi umaoneka bwino kwambiri: umaima, umagwedezeka pang'onopang'ono, nsomba ikuyenda nawo ngati yanyamula kamtambo. Ukangoivuula, kamtamboko kamagwa n'kusanduka mamina. Tsiku lina ndinakhala nthawi yaitali ndikumiza ndi kuvuula nsomba imodzi, mtambo, mamina, mtambo, mamina, mpaka a Madamu, amene ankayang'anira famu yonse, anandipeza.

Ndinkati andikalipira. Anangoti, "Bwera nayo kuno."

Mu ofesi mwawo munali mikolosikopiyo, yoonera tinthu tosaoneka ndi maso. Kushikola tinkangoijambula m'kope, n'kulemba maina a ziwalo zake, osaigwirapo. A Madamu anatapa kaubweya pang'ono, kuika pagalasi, kudonthezera madzi.

Ndinaona nkhalango. Ulusi woonekera mkati ngati galasi, wopanda tsamba, wopanga nthambi paliponse. Kunsonga kwa ulusi wina kunali kotupa ngati chibonga, m'kati mutadzaza timadontho. Ndili chiyang'anire, chibonga chimodzi chinatseguka kukamwa, timadonthoto n'kuyamba kutuluka, kamodzi pambuyo pa kanzake, kenako tonse balala, kusambira ngati ana otuluka m'kalasi Lachisanu.

"Timadonthoti tili ndi moyo!" ndinakuwa.

"Timeneto ndi mbewu zake," anatero a Madamu. "Timasambira kufunafuna bala, kapena dzira lakufa, kapena chakudya choola. Tikapeza, timakhazikika n'kumera ulusi wina. Tikapanda kupeza, timadzikulunga n'kugona, kenako timadzuka n'kusambiranso. Dziwe likauma, thonje limasiya timazira ta khungu lolimba m'matope, todikira madzi. Nsomba yathanzi silingaigwire, chifukwa khungu lake n'loterera. Koma kukazizira nsomba imafooka, ilo n'kumasangalala."

"Ndiye limadana ndi nsomba?"

"Silidana ndi munthu. Lili ndi njala chabe."

Kuyambira tsikulo madzi anasiya kukhala madzi. Ndikatunga kapu ndinkaiyang'ana kaye, kuganiza za alendo amene ali m'menemo, opanda bileti, ndiko kunena chiphaso, opanda kwawo, akusambira mumdima kufuna pokhazikika. Masana ndinkagona pa mlambala wa dziwe, chipewa kumaso, n'kumaona nkhalango ija ikumera kuseri kwa zikope zanga, ikukwera mpaka kumwamba, mitambo yonse ya Petauke n'kukhala thonje lomera pa bala la nsomba yaikulu imene ife timati dziko.

Tsopano za atsibweni. Anasenza matumba a chakudya cha nsomba zaka zambiri, mpaka khosi linalowa m'mapewa. Chaka chimenecho a Madamu anawapatsa kiyi ya nyumba ya mazira, mmene amaswetsera tiana ta milamba. Kiyiyo ankaivala m'khosi pamodzi ndi korona. Anali atatumiza kale mawu kwa azakhali kuti mwana wawo wamkazi asakwatiwe, chaka chamawa apita ku sekundariya.

Nyumba ya mazira inali ndi malamulo oposa a tchalitchi. Madzi ake anali a pa mjigo, osati a m'dziwe. Ndowa zake zinali ndi chingwe chofiira pachogwirira, ndipo sizinkafika kumaiwe. Chinthu chikakhudza za kunja, chinkamizidwa m'mgolo wa madzi a mchere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu, chifukwa thonje limaopa mchere. Wotunga madzi a m'nyumbamo anali a Sakala. Ine ndinkangololedwa kusuzumira pakhomo.

Linafika tsiku loyamba loti atsibweni afinye mazira okha, opanda wowayang'anira. Nyengo yozizira inkayenera kukhala itatha, koma mphepo inabwerera ngati mlendo woiwala ndodo. M'mawa umenewo, kudziwe lakumapeto, ndinavuula mlamba wakufa. Thonje linali litamera pansi pa chibwano pokha. Loyera mbuu. Lofewa.

Ndinaubweza m'madzi kuti ndione bwino. Ndevu zinaima.

Abale anga, ndinayesetsa. Ndinayenda masitepe angapo kulowera kudzenje. Koma chinthu chotere munthu amachipeza kamodzi m'moyo. Pakhomo pa nyumba ya mazira panali ndowa ya chingwe chofiira, ikuuma padzuwa. Ndinathiramo madzi kuti ndevu ziime, ndinakhazika mlamba uja mutu m'mwamba, ndinaluka kachipewa ka tsamba la nthochi, n'kukabisala kuseri kwa thanki.

A Sakala anabwera akuimba. Anawerama kuti anyamule ndowa. Anaima. Awiriwo anayang'anana.

"Lomba n'chinji ichi?" Anagwira ndevu zawo. "Mpwitikizi! Mwana wa njoka iwe!"

Ine kuseri kwa thanki ndinali nditaluma malaya, misozi ili mbwe.

Pomwepo mawu a atsibweni anamveka m'nyumba muja: "Madzi, a Sakala! Madzi msanga!" Mazira a mlamba akafinyidwa m'mbale n'kusakanizidwa ndi mbewu ya yaimuna, sadikira munthu. Madzi akachedwa pang'ono, zonse zawonongeka. A Sakala anayang'ana mgolo wa mchere, anayang'ana khomo. Anataya m'bale wawo uja pa udzu, anatsukuluza ndowa kamodzi pa mjigo, anatunga, n'kuthamangira m'kati. Tsiku lonselo madzi a m'nyumbamo analowa ndi ndowa imeneyo.

Kuseka kunandithera pang'ono. Koma ndinadziuza kuti timbewu tija n'tating'ono, ndipo mwina tinali titagona.

Mazira amoyo a mlamba amakhala obiriwira, owala, omatirira pa neti imene amayala m'madzi. Ena amafa okha n'kuyera, zimenezo n'zachizolowezi. Kukatentha amaswa tsiku limodzi, thonje lisanadziwe n'komwe. Koma kunazizira, ndipo mazira anachedwa. Tsiku lachiwiri masana atsibweni anatuluka pakhomo nkhope itagwa, n'kuitana aliyense wa maso akuthwa. Umo ndi mmene ndinalowera m'nyumba ya mazira koyamba, nditasambitsidwa mchere mpaka m'zigongono.

Dzira lililonse loyera linali litavala ubweya, ngati kadzuwa kokhala ndi cheza chake. Ulusi unkatambasuka kuchoka pa lakufa kukakumbatira amoyo oyandikana nalo, asanu, khumi, kuwamanga pamodzi mpaka nawonso ayere. Kunali kokongola, ndisaname. Neti yonse inali ngati thambo la nyenyezi zimene zayamba kumera tsitsi.

A Madamu anathira mchere woyeza m'madzi, n'kutipatsa nthenga za nkhuku ndi timbano ta nsungwi. Ntchito inali kutola loyera lililonse, limodzilimodzi, osagwedeza amoyo. Kenako anafunsa, mosakweza mawu:

"Thonje lili m'madzi onse, ndikudziwa. Koma lochuluka chonchi, tsiku lachiwiri, m'madzi a pa mjigo? Lalowa ndi chinthu. A Zuze, chalowa n'chiyani?"

"Sindikudziwa, Madamu."

"Kiyi ili ndi yani?"

"Ili ndi ine."

"Ndiye tikamaliza kutola mundibwezere. Mwezi ukatha mupite kwanu. Alimi amene akudikira tiana timeneti ndikawauza chiyani?"

Atsibweni anangoti, "Chabwino, Madamu," n'kupitiriza kutola. Koma anandiyang'ana kamodzi, mwachidule, ndipo ndinadziwa kuti akudziwa. Anali ataona kachipewa ka nthochi pa udzu. Munthu woluka chipewa chotero pafamu yonse analipo mmodzi, ndipo anali mwana wa mlongo wawo. A Sakala anapitiriza kutola, ndevu zili pamwamba pa madzi. Akanena za ine, anenanso za mchere umene anaulumpha, ndipo munthu wa zaka zawo akachotsedwa ntchito sapezanso ina.

Tinatola. Nthenga inkalowa m'madzi, kadzuwa kamodzi n'kutuluka. Ndinaganiza za mwana wa atsibweni, amene amalemba bwino kuposa ine. Ndinaganiza za khosi lija lolowa m'mapewa. Koma ndikhale woona: chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti nthabwala yabwino chonchi ifere m'ndowa, oiona awiri okha, mmodzi wa iwo wakufa.

"Madamu," ndinatero, "munayamba mwaonapo mlamba wofanana ndi a Sakala?"

Ndinafotokoza zonse. Ndevu, chipewa, mmene anayang'anirana. Ndinaonetsa ndi nkhope ya mlambawo. Mnyamata wina amene ankatola nafe anathawira panja atagwira pakamwa. A Madamu anatembenukira kukhoma nthawi yaitali, mapewa akugwedezeka, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati unali mkwiyo.

"Ndowayo ndinaitsukuluza chabe, Madamu," anatero a Sakala mwakachetechete. "Sindinaimize."

"Inu ndilankhula nanu pambuyo. A Zuze, kiyi isachoke m'khosimo. Iwe," anandiloza ndi nthenga, "unaona ndi maso ako mmene timbewu tija timasambirira. Pafamu yonse ndinaonetsa iwe wekha."

"Ndinaona, Madamu. Timasambira bwino."

"Utola mpaka dzira loyera lomaliza. Ukatero unyamule katundu wako."

Ndinatola masiku atatu, kuyambira kukacha mpaka maso atasiya kuona. Masiku amenewo ndimawakumbukira ngati ndinali pansi pa madzi. Kunja anthu ankalankhula, mawu awo akufika ochedwa. Msana unasiya kupweteka n'kukhala wa munthu wina. Tsiku lachitatu m'mawa ndinaona dzira limodzi likugwedezeka lokha, kenako kamchira kanatuluka, kenako ena, ena, kugwera pansi pa neti n'kumanjenjemera pamenepo ngati tivirigula, tizizindikiro ta mpumiro, tothawa m'buku la Chipwitikizi. Ambiri anafa, sindibisa. Koma otsalawo anakwana kuti alimi asabwerere ndi zigubu zopanda kanthu. Atsibweni anawerama pambali panga, kuyang'ana tianato, n'kundigwira khutu. Sanalipotokole. Anangoligwira.

Tsiku lochoka, a Madamu anatenga ndowa ija, msomali ndi nyundo, n'kuiboola pansi ponse.

"Iyi sidzalowanso m'nyumba ya mazira. Iwenso. Mupitire limodzi."

A Sakala, amene anapatsidwa ntchito yotsuka mgolo wa mchere mwezi wathunthu, anandiperekeza mpaka pamsewu. Kamyau itaonekera patali, anakhosomola.

"Mpwitikizi. Unkafananadi nane?"

"Ngati mapasa, agogo. Koma m'bale wanu uja anali wooneka bwino pang'ono."

Anandimenya ndi chipewa kumutu, kenako anachisiya pomwepo.

Kumudzi ndinapeza zinthu zitasuntha. Mlongo wanga anali atakwatiwa ku Chipera. Mng'ono wanga anali atatenga mphasa yanga ndi mawu a bambo, ndipo galu wathu anandiuwa. Amayi anali ndi imvi zingapo pamwamba pa khutu, zimene anati ndinazibzala ndine. Abambo anali atasiya kulima thonje, ati mtengo wake ndi chipongwe, n'kutsegula dimba la anyezi ndi matimati kumtsinje.

Anamvetsera nkhani yonse atakhala pa mpando wa ndalema, osaseka ngakhale pa chipewa. Kenako anatenga ndowa ija, anaitembenuza, anayang'ana dzuwa kudzera m'mabowo.

"Anakupatsa kuti uzigwirira ntchito?"

"Anandipatsa kuti ndizikumbukira, bambo."

"Uzikumbukira ukugwira. Dimba lonse lija uthirira ndi imeneyi, yomweyi, mpaka mvula itagwa. Ndikakupeza wamata bowo ngakhale limodzi, uyambiranso chaka chamawa."

Mvula ili kutali. Kuchokera pachitsime kufika pa bedi loyamba, theka la madzi limakhala litathera pa mapazi anga, ndiye ndimathamanga, chipewa cha a Sakala chikuuluka, ana a kumtsinje akundiimbira nyimbo. Koma abambo sanaganize bwino. Ndowa yobooka imagwetsa madzi ngati mvula yamawawa, yosakumba nthaka, ndipo anyezi athu aposa a dimba lililonse. Dzulo mayi wa kukwaya uja anabwera kudzafunsa ngati ndingamuboolere yake.

Ndikafika kumapeto kwa mzere ndimakweza ndowa m'mwamba, madontho otsiriza akutsika ndi dzuwa m'kati mwake, ndipo ndimawalonjera alendo amene ali m'menemo. Pitani bwino, ndimatero, kuno kulibe bala.

M'chitsime mwathu muli mlamba umodzi. Ndevu zoyera ulibe. Koma mphepo ya chaka chamawa ikubwera, ndipo tsamba la nthochi pano silisowa.